Belu la njinga pa ndodo ya agogo anu

Bwerani kuno nonse! Iwe, siya kuliza belu limenelo, wandiboola makutu. Bweretsa ndodoyo, ukhale apa pa mwendo wanga. Inu a ku Lilongwe, mafoniwo m'thumba. Chete! Ndati chete! Ndiyankhula Chichewa changa chokhotachi chifukwa cha inu amene Chisukwa chimakuvutani, ndiye amene aseke lilime langa lero sadya mbalagha, nthochi zake ndipatsa nkhumba.

Mwakhala mukundifunsa kuti ndodo ya agogo anu aamuna inapeza bwanji belu la njinga. Lero mumva.

Mwana wanga wachiwiri, bambo ake a uyu ali pa mwendoyu, anapita kunja matipate atangoyamba. Nthawi imeneyo zitseko zinangoti gwa kutseguka, aliyense wa sukulu mapazi kuyabwa. Anapita kukaphunzira, anthu akumeneko anamukonda, anamupatsa ntchito. Dziko lake amati Swizalande. Kenako anabwera kudzatenga mkazi wake, mtsikana wa kutsidya kwa mtsinje konkuno, amene anaphunzira unamwino.

Chaka china anatitumizira chithunzi. Mama wane! Phiri lakuthwa ngati dzino la galu, kumutu kwake mbee ngati wina wakhuthulirapo ufa. M'munsi mwake udzu wobiriwira, ng'ombe zonenepa, iliyonse belu m'khosi. Ine ndinabadwira kuno ku Misuku, ndinkati Mughese ndiye mapeto a mapiri onse a Chiuta. Chithunzi chija ndinachikhoma pakhoma. Ndikamasesa ndimaima pamenepo, tsache m'manja, kukamwa yasa. Nyemba zinapserera kangapo chifukwa cha phiri limenelo.

Ndiye anabwera kutchuthi, iye ndi mkazi wake, nyengo yozizira tikuthyola khofi. Tsiku lina masana akuti, "Amama, adada, khalani pansi. Chaka chamawa mubwere kwathu. Mukaone mapiri aja, tikakwere."

Ine ndiye, "Tikakwere kukatenga chiyani? Nkhuni? Uchi?"

"Yayi amama, kukangoona."

"Munthu kukwera phiri, thukuta kamukamu, kuyang'ana uku ndi uku, basi kutsika chimanjamanja?"

"Enya amama, ndi mmene amachitira."

"Anthu amenewo alibe minda?"

Pakamwa ndinkatero, koma mumtima, ana inu, ndinali nditayamba kale kuvina.

Tsopano imvani apa, chifukwa inu obadwira m'tauni simudziwa kanthu. Kwathu kuno mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako wamwamuna, saonana ndi apongozi ake aamuna. Nkhope sawayang'ana, dzina sawatchula, chipinda chimodzi sakhalamo onse. Akakumana panjira, mkamwana ndiye amapatuka, kulowa patchire, kufulatira, nsalu kumutu, mpaka adutse. Ndipo suchita kuganiza, miyendo imaganiza yokha. Onani chipsera ichi. Ndinagwera m'minga ndi mkoko wa nthochi kumutu, kuthawa apongozi anga. Bambo amene uja ndinamuphikira mpaka tsiku la maliro ake, koma mutandionetsa chithunzi chake sindingamudziwe. Ndimadziwa chifuwa chake ndi zidendene basi.

Ndiye tsiku limenelo mkamwana wanga anali kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, akumvera komweko monga mwa ulemu. Mwana wanga anayala mapu pamphasa, chala chikuyenda. "Apa tikwera sitima. Apa titsika. Apa tilowa m'kabokosi kolendewera pa waya, katikweze m'mwamba. Kuchokera apo ndi wapansi."

Agogo anu aamuna mukuwadziwa mayankhulidwe awo, mawu ngati akuwatunga m'chitsime chakuya. Akuti, "Bokosi... limenelo... ndi lalikulu bwanji?"

"Laling'ono, adada. Mabenchi awiri oyang'anizana, mawondo amagundana."

"Mkamwana akakwera lake?"

"Yayi, tonse limodzi. Ndiponso masiku ena ine ndikakhala kuntchito, wokuyendetsani akakhala iyeyo. Chiyankhulo chakumeneko inu simuchidziwa."

"Mmm. Nanga pamwambapo, njira yake ili ndi tchire lopatukira?"

Mwana wanga, ndi sukulu yake yonseyo, anaseka! "Tchire lichokera kuti, adada? Uku khoma la mwala, uku phompho. Ukaponya mwala suumva kugwa."

Madala anatenga mapu aja, kuwapinda bwinobwino, kumupatsa ndi manja awiri. "Mukayende bwino. Ine ndi mayi ako tizithyola khofi."

Ine ndinalumpha. "Ine ndi mayi ako! Ine ndalowamo bwanji? Mkamwana ine ndimadya naye mbale imodzi!"

"Mkazi wanga sawoloka nyanja ine nditatsala pakhonde ngati wamasiye. Tonse, kapena palibe."

Basi. Anavala chipewa, kulowa m'munda wa khofi. Munthu ameneyu akati yayi, ngakhale abusa amangotola Baibulo lawo n'kumapita.

Ndinalowa kukhitchini, ndinapeza mkamwana akulira, anyezi sanayambe n'kudula komwe. Kamawu kake kaja, "Amama, ine ndiye ndakutsekerani njira. Ndikapempha kwa anzanga ndikagone kumeneko mpaka mubwerere."

"Khala chete! Ukagona kwa anzako, ife atiyendetse ndani? Ng'ombe?"

Nditangoti ng'ombe, maso anga anapita pa chithunzi chija pakhoma. Ng'ombe, belu m'khosi. Ndinati ehee! Anthu amenewa si opusa ayi. Ng'ombe ikakhala mu nkhungu mwini wake amadziwa pamene ili. Madala akakhala ndi belu, mkamwana aziwamva akadali kutali, azifulatira mosathamanga, popanda kulumphira kuphompho. M'bokosimo tikamanga chitenje pakati. Kunyumba madala azikadya atayang'ana pawindo. Zatheka!

Ndinathamanga kwa aneba kukabwereka belu la mbuzi yawo. Ndinawapeza madala pansi pa mtengo wa khofi. Atangoliona, "Mayi iwe, ukufuna undimange belu? Ine mkulu wa mpingo, ndiziyenda ngwere ngwere ngati tonde?"

"Si m'khosi, m'chiuno!"

"Choka!"

Tinakangana mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Amene anatilanditsa ndi mwana wanga. Anali atawabweretsera bambo ake ndodo iyi, yachitsulo, yokwerera mapiri, imene imatalika ndi kufupika ukaipotokola. Anapita panjinga, kumasula belu, kulimanga pa chigwiriro apa. Akuti, "Adada, ili si la mbuzi. Ili ndi la munthu wa paulendo, mumaliza nokha ndi chala."

Madala analiyang'ana nthawi yaitali. Analiza kamodzi, ngriii. Nkhope osasintha. Kenako akuti, "Tikayese pa Mughese. Tikakwera n'kutsika ine ndi mkamwana osaonana, ndipita ku dziko lanulo. Koma maso athu akangokumana kamodzi kokha, nkhani imeneyi isadzatulukenso m'nyumba muno."

Mwamva? Kamodzi kokha. Phiri langa la ufa linali litapachikidwa pa belu la njinga.

Tinakonzeka ngati tikupita kunkhondo. Mwana wanga anakauza a zankhalango kuti tilowa. Anatulutsa katundu amene anatigulira: majombo olemera ngati njerwa, majekete olira tswaa tswaa ukamayenda, ndi thalauzi. Thalauzi langa ine! Matipate anali atatilola akazi kuvala mathalauzi, inde, koma kuno kumapiri nkhani imeneyo inali isanakwere chitunda. Ndinati sindivala. Akuti, "Amama, kumeneko mphepo imalowa kunsi, chitenje chokha mukauma." Ndinavala, pamwamba chitenje, pamwamba pakenso china, kuti mpingo usadziwe.

Mmawa wake tinanyamuka. Ndondomeko ndinakonza ndine. Kutsogolo madala ndi belu lawo. Pambuyo pawo mwana wawo. Kenako ine, ngati mpanda. Kumapeto kwenikweni mkamwana, maso pa zidendene zanga. Madala akaima, alize kawiri. Akafuna kubwerera, alize osalekeza.

Poyamba zinayenda bwino. Ngriii kutsogolo, ife phe pambuyo. Tinadutsa minda ya khofi, tinadutsa nthochi zomaliza. Koma pofika m'mphepete mwa nkhalango tinakumana ndi azimayi a m'mudzi wa kumtunda, mitolo ya nkhuni kumutu. Atamva belu anapatuka, kuyesa njinga. Kuona ndi madala wapansi, jekete lofiira, majombo, ndodo ikulira. Eee! Mmodzi, wamkamwa ngati ine ndemwe, akuti, "Agogo, monile! Njinga mwaiiwala kunyumba, mwangotenga belu!"

Wina, "Asiye iwe, akugulitsa mandasi. Agogo, atsala angati?"

Kuseka kwake, mitolo kugwedezeka. Madala anangopitiriza kuyenda. Ndinangoona khosi lawo kumbuyoku likuuma ngati chikuni. Mtima wanga unati go.

Tinalowa mu nkhalango. Amene simunalowemo mu Mughese simudziwa mdima wa masana. Mitengo italiitali, yovala ndevu, madzi akudontha popanda mvula, pansi poterera ngati therere. Apusi akutitukwana m'mwamba. Kenako nkhungu inatsika, yoyera, yonyowa, ukatambasula dzanja zala osaziona bwino. Mwana wanga ndi bambo ake anamezedwa. Chotsala chinali belu. Ngriii. Tiyende. Ngriii. Tiyende. Mkamwana kumbuyo kwanga akupuma ngati mwana wa mbuzi, akunong'ona, "Amama, ali patali?" Ine, "Ali patali, ponda pamene ndaponda."

Kenako belu linaleka.

Ife tinati ndiye kuti atalikira, amuna miyendo yawo ndi yaitali. Chimene sitinkadziwa ndi ichi: mawu a azimayi aja anali akuwadyabe madala m'mimba. Atamva anthu ena akuyankhula chapatali m'nkhalangomo, anachita manyazi, anatulutsa kampango kawo n'kulikulunga belu lija, kulimanga mfundo. Ndipo mwana wanga, m'malo mokhala pa msana pa bambo ake, anali atathamangira kutsogolo ndi kamera yake kukafuna poonekera bwino.

Ine ndiye tiyi wa mmawa uja anandipeza. Ndinati, "Mkamwana, ndipatuke kaye. Iwe usaime pozizira pano, ziyenda pang'onopang'ono, ndikupeza." Ndinalowa kuseri kwa mtengo. Tsopano thalauzi! Chitenje umangokweza, basi wamaliza. Ichi chinthu cha mabatani, zipi, kachingwe, manja ali gwa ndi kuzizira. Kuvula ndinavula ndi nkhondo. Pobweza, zipi inaluma nsalu, osakwera osatsika. Ndinatukwana amene anasoka, ndinatukwana matipate amene. Ndinatuluka nditaligwira ndi dzanja m'chiuno, ndikukwakwaza majombo.

Kutsogoloko kunali pamalo pamene mvula ya chaka chathacho inagumula phiri. Njira inatsala kamzere, mapazi awiri basi. Kumanja khoma la dothi. Kumanzere kulibe kanthu, dothi lofiira lotsetsereka kupita pansi, nkhungu, ndi mtsinje ukulira kutali uko osaoneka. Nkhungu itapepukako pang'ono, ndinamuona mkamwana ali pakati penipeni pa kamzereko, dzanja pakhoma, akuyenda bwinobwino.

Ndiye mu nkhungu muja, kutsogolo kwake, balamanthu! Jekete lofiira. Madala. Jombo imodzi kuphazi, ina m'manja, akubwerera kudzandipatsa ine kuti ndiwanyamulire chifukwa yawaluma chala. Belu lili duu m'kampango.

Ndinafuna kukuwa kuti ima pomwepo, koma mawu anachedwa. Miyendo ya mkamwana inaganiza yokha. Mtsikana wa unamwino, wokwera ndege, woyankhula chizungu cha mitundu iwiri, anapatuka ngati mmene anapatukira amayi ake, ngati mmene ndinapatukira ine. Anaponda kumanzere. Kumanzere kunalibe dziko.

Swee! Anapita.

Chiuta wane! Ndinaona mpango wake wokha ukutsika. Kenako unaima. Anali atagwira muzu wotuluka m'dothi, dzanja limodzi, thupi lonse lili lende, mapazi akupalasa dothi likungogumuka. Ndipo mukudziwa dzanja linalo linkachita chiyani? Linkakoka mpango kuphimba nkhope! Munthu ali pakamwa pa imfa, akubisa nkhope!

Nanga madala? Atembenuka. Afulatira. Ayang'ana kukhoma, jombo m'manja.

Ine ndili kutali ngati apa ndi khola la nkhumba ilo, thalauzi latsikira m'mawondo, landimanga ngati mbuzi ya pamsika. Ndinakuwa mpaka apusi anathawa. "Mugwireni! Bambo inu, mugwireni!"

"Mayi iwe, ndi mkamwana!"

"Ndi mwana wa munthu! Mukawauza chiyani amake? Mugwireni!"

"Itana mwamuna wake!"

"Mwamuna wake ali ku Tanzania ndi kamera! Muzu ukuthyoka, simukumva?"

Unkamvekadi, the, the, the, tinthu tating'ono tikuduka m'dothi. Mkamwana osalira, osaitana. Kungoti, "Amama... amama..." nkhope m'dothi.

Madala anataya jombo ija. Inagubuduka mpaka inakodwa pa chitsamba. Anagona chafufumimba panjira, nkhope atayang'anabe kumbali, kutsitsa ndodo. Koma wogwira sakuona, wopereka sakuona, ndodo ikungoyenda m'mwamba ngati ya wakhungu. Ine ndikukwawa tsopano, mawondo m'matope, ndikukuwa, "Kumanja! Yayi, kumanja kwanu! Lizani belu aimve!" Anang'amba kampango kaja ndi mano. Ngriii! Ngriii! Dzanja la mkamwana linasiya mpango, linafufuza, linafufuza, gwi, lagwira ndodo.

Ndinati tapulumuka. Madala anakoka. Koma ndodo za azunguzi, ndakuuzani, zimatalika. Inangoti fyuu, kusolokoka, kutalika, mkamwana kutsikanso. Muzu uja thyo! Watsala pa ndodo yokha, ndodo nayo ikufuna kutulukana pakati.

Pamenepo ndinamva mawu amene sindinawamvepo chikwatiwire. Osati a m'chitsime aja. Ofulumira, ang'ono, ngati akuyankhula ndi kamwana kodwala.

"Mwana wanga. Mwana wanga, yang'ana kuno. Ndiyang'ane ine. Dzanja langa ili. Usaope, ndine ndakuuza."

Mkamwana anadzutsa mutu. Dothi kumaso konse, maso ali tong'o. Anayang'anana, ana inu. Ine ndikuona. Madala anatsetsereka mpaka pamimba, anamugwira pamkono apa, nganganga. Ine ndinafika, ndinawakhalira pa miyendo ndi thupi langa lonseli, kugwira lamba wawo. Mukamandiseka kunenepa muzikumbuka tsiku limenelo. Tinakoka. Madala akubuula, ine ndikuitana Yesu m'ziyankhulo zonse zimene ndimadziwa, mkamwana akukumba dothi ndi mawondo. Mpaka phi, wagwera panjira, pamwamba pa apongozi ake.

Mwana wanga anafika nthawi imeneyo, kamera ikugunda pachifuwa. "Chachitika n'chiyani? Ndamva belu." Ndinamuyang'ana. Sanafunsenso.

Mkamwana anakwawira kukhoma, kufulatira, jekete kumutu, mapewa akugwedezeka. Mkono wake wonse magazi, chipsera chimene mumachiona chija. Mwamuna wake akumupukuta. Madala anakhala tsonga, kuyang'ana dzanja lawo, kulitembenuza uku ndi uku ngati si lawo. Anakoka jombo ija pachitsamba ndi ndodo, kuvala, kumanga zingwe pang'onopang'ono. Osayang'ana munthu.

Ine, poti mwana wa anthu anali moyo, ndinathokoza Chiuta, musandiyese mfiti. Koma mawu aja ndinkawakumbuka. Kamodzi kokha. Apa sikunali kuonana kokha. Anagwirana, anayankhulana, anagwerana. Mwana wanga ananong'ona, "Amama, basi. Zatha. Tiyeni tizitsika."

Ndinakhala pansi m'matope momwemo. Ndinayamba kumasula majombo anga. Ndinati ndiye kuti phiri lija ndidzaliona pakhoma mpaka kufa, ng'ombe zija ndizidzazipukuta fumbi ndi nsanza. Misozi inabwera yokha, ine amene sindilira ngakhale pa maliro mpaka nditaona amene abwera.

Madala anaimirira. Anapotokola ndodo yawo, kuibweza msinkhu wake, kuiyesa pansi kawiri. Ndinadikira kuti atidutse azipita kunyumba, ndinayamba kukoka mkamwana kuti abise nkhope bwino. Koma sanabwere kuno. Anatembenukira kumtunda. Jekete lofiira lija linalowa mu nkhungu, pang'onopang'ono, akutsimphina, mpaka linazimirira.

Tinayang'anana. Mwana wanga akuti, "Akupita kuti?" Ine, "Ukundifunsa ine? Bambo ako ndi ako." Mumtima ndikuti kapena manyazi awazunguza mutu, akukadzitaya. Ndinafuna kudzuka, jombo imodzi yomasula, thalauzi lili pomwe lija.

Kenako kumtunda kuja, ngriii. Ngriii. Ngriii!

Ndiye mawu, okuwa, nkhalango yonse kuyankha:

"Mayi iwe! Wakhalira chiyani pamenepo? Kweza thalauzi lakolo, phiri silinathe! Umuuze mwana wako akandigulire majombo aakulu, awa andidya chala! Ndipo mkamwanayo adutse kutsogolo kuno, ndizimuona pamene akuponda! Kwa azunguko kulibe mizu yogwira!"